Maina a Makolo Athu a ku Broken Hill

Ife Achewa a ku Kamushanga, mu mzinda wa Kabwe, tili ndi makolo ambiri amene anagona m'nthaka ino popanda kalata yochitira umboni imfa yawo.

Miyala ya mtovu inapezeka kuno mu 1902, ndipo njanji inafika mu 1906. Anyamata ochokera ku Fort Jameson, ku Nyasaland ndi ku Tete anadza kudzagwira ntchito mu mgodi wa Broken Hill, kufuna ndalama za msonkho. Boma la atsamunda linkalemba m'kaundula imfa za Azungu, koma munthu wakuda linkamdziwira pa chitupa. Chigaza cha munthu wamakedzana chimene chinafukulidwa mu mgodiwo mu 1921 chikusungidwa ku London pamodzi ndi mbiri yake, pamene maina a makolo athu okumba miyalawo akuiwalika. Lamulo lakuti imfa ya munthu aliyense m'Zambia ilembedwe linadza mu 1973.

Wofuna malume ake amene anamwalira chisanafike chaka chimenecho ayambire m'mabuku a mpingo ndi a manda ku khonsolo, kenaka ku National Archives ku Lusaka ndi ku nkhokwe ya makalata a migodi ku Ndola. Atenge mfunda, mudzi ndi dzina la mfumu, pakuti alembi ankasinthasintha kalembedwe ka maina.

Abale, maliro akagwa tilembetse msanga kwa boma. Popanda kalatayo mkazi wamasiye avutika kulandira penshoni, ndipo adzukulu adzasowa pofunsa.