Dziko la Kwawo kwa Atonga a ku Nkhata Bay

Kwa Atonga a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Mpamba mpaka ku Chintheche ndi Kande, kwawo kwa munthu ndi kumene kuli manda a makolo ake ndi minda ya chinangwa. Ena amakana zimenezi ponena kuti amuna ophunzira ku mishoni ya Bandawe, yotsegulidwa mu 1881, adakhamukira ku Joni ndi Rhodesia, ndipo mmodzi mwa apaulendowo, Clements Kadalie wa ku Chifira, adafera ku East London mu 1951. Komatu Jaap van Velsen, atafufuza za Atonga m'zaka za m'ma 1950, adaonetsa kuti apaulendowo ankatumiza ndalama ndi kusunga ubale pofuna kuteteza malo awo kumudzi, poti m'matauni a atsamunda munthu wakuda akakalamba analibe pokhala.