Sepsis: matenda a tizilombo tolowa m'magazi

Sepsis ndi matenda oopsa omwe amayamba pamene tizilombo, makamaka mabakiteriya, tafalikira m'thupi, ndipo thupi polimbana nato layamba kudziwononga lokha. Ena amati ndi poizoni wa m'magazi, ngakhale kuti palibe chiphe chomwe munthu amadya kapena kumwa.

Chiyambi chake

Tizilomboti timachokera pamalo amodzi omwe adwala, monga m'mapapo pomwe munthu ali ndi chibayo, m'chikhodzodzo, m'matumbo, pachilonda chonyeka, m'chiberekero cha mayi yemwe wangochira kumene kapenanso pamchombo wa khanda. Tikalowa m'magazi, mitsempha imafutukuka ndipo magazi amayenda mofooka, moti impso, ubongo ndi mapapo zimasowa mpweya wabwino nkuyamba kulephera kugwira ntchito. Munthu atha kumwalira m'maola owerengeka.

Omwe ali pachiopsezo kwambiri ndi makanda, amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene, okalamba, ana onyentchera, odwala shuga ndiponso omwe chitetezo cha m'thupi chatsika chifukwa cha kachilombo ka HIV.

Zizindikiro

Wodwala amatentha thupi kapena kuzizidwa kwambiri, amanjenjemera, amapuma mofulumira ndipo mtima umagunda mothamanga. Ena amabwebweta, amalefuka kapena kutha tsiku lonse osakodza. Khanda limakana kuyamwa, limangogona ndipo nthawi zina limakomoka. Zizindikirozi zimafanana ndi za malungo, nchifukwa chake ambiri amachedwa kunyumba akumwa mankhwala ogula m'magolosale.

Momwe zilili ku Nguludi

Anthu a ku Nguludi m'boma la Chiradzulu amadalira chipatala cha mishoni cha St Joseph's, chomwe chili pansi pa bungwe la zipatala zachikhristu la CHAM, komanso chipatala cha boma cha Chiradzulu. Odwala mwakayakaya amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital mumzinda wa Blantyre.

Ku Queens nkomwe akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akuyeza magazi a odwala kuyambira mu 1998. Kafukufuku wawo wa pakati pa 1998 ndi 2016 adaonetsa kuti tizilombo tomwe tidapezeka kawirikawiri ndi ta mtundu wa Salmonella, kuphatikizapo toyambitsa tayifodi, komanso toyambitsa chibayo. Chiwerengero cha odwala chidatsika m'zaka zomwe mankhwala otalikitsa moyo adafalikira. Boma la Chiradzulu lidali m'gulu la madera oyamba kulandira mankhwalawa, pomwe bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kuwapereka mu 2001.

Koma kafukufuku yemweyo adapezanso chodetsa nkhawa: tizilombo tambiri tasiya kumva mankhwala. Pofika 2016, pafupifupi tizilombo 9 mwa 10 ta mtundu wa Klebsiella tinali titapima mankhwala a gulu la ceftriaxone, omwe zipatala za m'dziko muno zimadalira kwambiri. Kumwa mankhwala opha tizilombo mwachisawawa ndi kusamaliza mlingo wake ndi zina mwa zomwe zikukolezera vutoli.

Chithandizo ndi kapewedwe

Sepsis imachizika ngati wodwala wafika msanga kuchipatala, komwe amapatsidwa mankhwala kudzera m'mitsempha, madzi a m'diripi ndi mpweya wothandizira kupuma. Ngati pali mafinya kapena zotsalira m'chiberekero, madokotala amazichotsa. Ola lililonse lochedwa limachepetsa mwayi wopulumuka.

Kupewa kwagona pa kusamba m'manja ndi sopo, kumwa madzi otetezedwa, kuchilira kuchipatala, kusapaka zinthu zakuda pamchombo wa khanda ndi kubayitsa ana. Dziko la Malawi lidayamba kupereka katemera wa chibayo mu 2011 ndipo wa tayifodi mu 2023.

Malinga ndi bungwe la WHO, mu 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni adadwala sepsis padziko lonse ndipo 11 miliyoni adamwalira. Pa 13 Seputembala chaka chilichonse, maiko amakumbukira tsiku lolimbana ndi matendawa.