Mafunso ndi Mayankho: Masewera ogwetsana ndi mawu a oonera

Funso: Ana kwathu sachoka pa kanema kukakhala wrestling. Kodi masewerawa anayambira kuti, nanga amamenyana zenizeni? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Kugwetsana n'kwakalekale, koma wrestling imene ana anu amaoneray inakulira ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, m'zionetsero zoyendayenda m'matauni. Ogwetsana ambiri ankatsata kagwiridwe kochokera ku Lancashire, ku England. Chovuta chinali chakuti mpikisano weniweni unkatha maola, amuna awiri atangokanirirana pansi, anthu n'kumayasamula. M'zaka za m'ma 1920, Ed Lewis, Billy Sandow ndi Toots Mondt anakonza zina: nthawi yoikika, wopambana wosankhidwiratu, ndi mkangano wopitirira kuti oonera abwerenso. Mu 1989 kampani ya Vince McMahon, imene lero ndi WWE, inavomera pamaso pa aphungu a ku New Jersey kuti zimenezi n'zosangalatsa anthu chabe. Komabe kugwako n'kwenikweni, ndipo mafupa amathyoka ngakhale kwa akatswiri. Ana asamayeserere pabwalo.

Funso: Ngati wopambana amadziwika kale, oonera ali ndi mphamvu yanji?

Yankho: Ali ndi mphamvu kuposa oonera mpira. Pa mpira chigoli n'chigoli, mukuwe musakuwe. Pa wrestling, wolemba nkhani amatchera khutu ku khamu, chifukwa katswiri amene anthu samukuwira sagulitsa matikiti. Mu 2014 oonera anakakamira Daniel Bryan mpaka WWE inasintha mapulani, iye n'kutenga lamba pa WrestleMania 30.

Intaneti inakulitsa mawu amenewa. Mu 2011 Zack Ryder, poona kuti sakupatsidwa mpata pa kanema, anayamba pulogalamu yake pa YouTube, ndipo chaka chisanathe anali ndi lamba wa United States. Mu 2017 mtolankhani Dave Meltzer analemba pa Twitter kuti kampani ya Ring of Honor singadzaze bwalo la anthu 10,000 posachedwa. Wogwetsana Cody Rhodes anatsutsa, nagwirizana ndi abale awiri otchedwa Young Bucks, amene anali kale ndi owatsatira ambiri pa YouTube. Matikiti a chionetsero chawo cha All In, chimene chinachitikira pafupi ndi Chicago mu 2018, anatha ola lisanakwane. Kampani ya AEW inabadwa mu 2019 kuchokera pa chidwi chimenecho.

Funso: Popeza intaneti inakulitsa mawu a oonera, nanga masamba a mchezo opanda mwini mmodzi, amene akutchulidwa masiku ano, anayamba bwanji?

Yankho: Facebook, X (imene kale inali Twitter) ndi YouTube ali ndi eni ake. Mwini akasintha malamulo kapena kutseka akaunti, owatsatira amene munthu wasonkhanitsa kwa zaka amasowa tsiku limodzi. Pofuna kuthetsa zimenezi, Eugen Rochko wa ku Germany anayambitsa Mastodon mu 2016. Kumeneko aliyense angakhazikitse seva yake, yokhala ndi malamulo ake, koma maseva onsewo amalankhulana, monga momwe wa TNM amaimbira wa Airtel popanda kusintha nambala. Njira yolumikizira maseva, yotchedwa ActivityPub, inavomerezedwa ndi bungwe la W3C mu 2018. Bluesky nayo inayambira mkati mwa Twitter mu 2019, kenako inaima payokha, ndipo inatsegulira aliyense mu 2024. Anthu ambiri anayamba kufunafuna masamba otere Elon Musk atagula Twitter mu 2022.

Funso: Kodi kampani ya wrestling ingapindulenji ndi masamba amenewa?

Yankho: Mbiri ya masewerawa payokha ikuyankha. Mu 2012 WWE inaika ndalama mu Tout, tsamba la timavidiyo tatifupi, n'kumalimbikitsa oonera mlungu uliwonse kuti alowemo. Tout inazilala, khama lonselo n'kupita pachabe. Mu 2020 WWE yomweyo inaletsa ogwetsana ake kupanga ndalama paokha pa masamba a Twitch ndi Cameo, zimene zinabutsa mkangano waukulu wakuti owatsatira ndi a yani: a kampani, a wogwetsana, kapena a mwini tsamba?

Masamba opanda mwini mmodzi amapeputsa mkangano umenewu. Pa Mastodon munthu angasamukire ku seva ina owatsatira ake n'kumulondola. Pa Bluesky kampani ingagwiritse ntchito dzina la webusaiti yake ngati dzina la akaunti, kotero onyengezera amaonekera msanga. Opindula kwambiri ndi makampani aang'ono ndi ogwetsana odziimira paokha, amene alibe kanema wowaulutsa ndipo amadalira anthu ogula tikiti kapena malaya.

Mtolo wake uliponso. Woyendetsa seva ayenera kulipira ndiponso kuchotsa otukwana, pamene oonera wrestling amakangana mosanyengerera. Khamu nalo likadali kwa eni aakulu aja: WWE inapitirira owatsatira 100 miliyoni pa YouTube mu 2024, ndipo pulogalamu yake ya Raw inasamukira ku Netflix mu 2025.

Chigamulo chathu n'chakuti kampani yanzeru siisiya masamba aakuluwo, koma siikanso oonera ake onse m'manja mwa munthu mmodzi. Masewera odalira mawu a khamu ayenera kusunga njira yawoyawo yomvera khamulo. Owerenga, pitirizani kutumiza mafunso anu, tidzayankha mlungu wamawa.