Chilango chochotsa munthu kwawo: kuchokera ku Botany Bay mpaka ku Mulanje

Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, m'boma la Phalombe, pali mabwinja a Fort Lister. Angerezi adamanga lingali mu 1893 pofuna kutseka njira imene ogulitsa akapolo ankadutsitsamo anthu popita kunyanja yamchere. Komatu boma la Angerezi omwewo lidali ndi njira yakeyake yozulira munthu pakati pa abale ake, ndipo lidayambira pa amphawi a kwawo komweko.

Mu Meyi 1787 zombo 11 zidanyamuka ku Portsmouth ndi akaidi oposa 700, n'kukakocheza ku Botany Bay, m'dziko la Australia, mu Januwale 1788. Pofika 1868, anthu pafupifupi 162,000 adali atatumizidwa ku Australia. Ambiri mlandu wawo udali kuba tinthu monga nsalu kapena chakudya, koma chilango chidali zaka 7, zaka 14, mwinanso moyo wonse. Kumeneko ena ankaswa miyala ndi kulambula misewu unyolo uli kumiyendo, ena ankagwira ntchito m'mafamu popanda malipiro. Wolakwa ankalawa chikoti. Chilango chikatha, ambiri sadabwererenso kwawo.

Si akuba okha adapitako. Mu 1834 aganyu asanu ndi mmodzi a m'mudzi wa Tolpuddle adatumizidwa ku Australia chifukwa cholumbirirana m'bungwe lomenyera malipiro awo.

Chilango chotere chidafikanso kuno. Elliot Kamwana, mlaliki wa mpingo wa Watch Tower wochokera ku Nkhata Bay, adabatiza anthu zikwizikwi mu 1908 ndi 1909, akulalikira kuti msonkho udzatha. Atsamunda adamumanga mu 1909. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, adamusunga m'boma la Mulanje, lomwe mpaka 1998 Phalombe idali mbali yake. Mu 1916, patangopita chaka John Chilembwe ataukira atsamunda, adamutumiza pachilumba cha Mauritius, kenako ku Seychelles. Adaloledwa kubwerera mu 1937, zaka 21 zitatha. Sadabe kanthu, sadaphe munthu. Mlandu wake udali mawu a pakamwa pake.

Lero gawo 39 la malamulo aakulu a dziko lino likupatsa aliyense ufulu wokhala paliponse m'Malawi, komanso wotuluka ndi kubwerera. Aphunzitsi ndi makolo a ku Phalombe, auzeni ana mbiri imeneyi, adziwe kuti ufuluwu sudalipo kale ndipo ndi wofunika kuusamala.