Mbumba

Pa Chichewa, mbumba ndi alongo a munthu wamwamuna pamodzi ndi ana awo. Mwamunayo amatchedwa mwini mbumba, ndipo ndiye amaimirira abale akewo pa milandu, pa maliro ndi pa zaukwati. Popeza Achewa amatsata mtundu wa mayi, mbumba ndiyo imasunga mudzi: ufumu umachokera kuchikazi, ndipo mwana ndi wa kwawo kwa amayi ake.

Mawuwa adasintha tanthauzo m'nthawi ya Kamuzu Banda. Iye adadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo amayi a dziko lonse adasanduka mbumba yake, yovala nsalu ya nkhope yake n'kumamuvinira pa misonkhano. Komabe m'zaka zomwezo, Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, adamangidwa mu 1981 ndipo adatuluka m'ndende mu 1993.

Lero taonani mtsikana amene wamaliza maphunziro ku Zomba n'kupeza ntchito ku Lilongwe. Mwezi ukangotha, foni yake imayamba kulira: fizi ya mng'ono wake, feteleza wa amayi, mankhwala a agogo. Iyeyo ndiye wasenza mbumba, komabe pa zokambirana za banja amamukhazika pamphasa kumbuyo, amalume okha n'kumayankhula.

Tibwezere mawuwa ulemu wake wakale, pakuti mbumba ndi muzu wa mtundu. Mkazi amene wasenza katundu wa banja apatsidwenso mpata woyankhula ndi kuweruza, osayamba wafunsidwa kuti adzakwatiwa liti.