Difenda si goloboyi

Mwana wina ku Monkey Bay anandifunsa ngati difenda ndi amene amagwira mpira pagolo. Ayi ndithu, ameneyo ndi goloboyi. Mawu oti difenda tinabwereka ku Chingerezi, kwathu timati wotchinga kumbuyo, kuchokera ku kutchinga kuja kwa mpanda woletsa mbuzi kulowa m'dimba.

Taonani anyamata akusewera chikulunga pamchenga, zigoli zili patapata awiri. Uja wotsalira kumbuyo, wolanda mpira ndi phazi osagwira ndi manja, ndiye difenda.

Koma pa mpira wa ku America ntchito ya difenda njogwira munthu n'kumugwetsa. Lawrence Taylor anaidziwa bwino ntchitoyi ku yunivesite ya North Carolina, kenaka timu ya New York Giants inamutenga mu 1981 ndipo anasewera komweko mpaka 1993.