Stephen Peet, Wojambula Zithunzi Zoyenda

Pakati pa akuluakulu a kuno ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi alipo ena amene akumbukirabe masiku aja, pamene galimoto la boma linkafika madzulo, anyamata napachika nsalu yoyera pabwalo, ndipo mudzi wonse unasonkhana kudzaona kanema. Kodi ndani ankajambula zithunzi zotere? Mmodzi wa iwo ndiye Stephen Peet.

Peet anabadwa ku London m'chaka cha 1920, m'banja la mpingo wa Quaker umene ukana nkhondo. Pa Nkhondo Yachiwiri ya dziko lonse iye anakana kugwira mfuti, nasankha ntchito yothandiza ovulala. M'chaka cha 1943 Ajeremani anamgwira pa chisumbu cha Kos, namuika m'ndende ya nkhondo.

M'chaka cha 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit ku Salisbury, kumene tsopano titcha Harare, kuti lipange kanema wa anthu a m'Nyasaland ndi a m'maiko awiri a Rhodesia. Peet analowa ntchito m'bungwemo. Osewera anali anthu a m'midzi, ndipo zithunzi zoyamba zinalibe mawu. Womasulira ankaima pambali ndi kufotokoza nkhani m'chinenero cha owonera. Chithunzi chake china, The Two Farmers, chinanena za alimi awiri: wina anamvera mlangizi nalemera, mnzake ananyozera nasauka.

Tsono pano tiyenera kulingalira bwino. Amene ankasankha nkhani anali boma la Atsamunda. Kanema anaphunzitsa ulimi ndi ukhondo, koma mlimi sanapatsidwe mpata wonena za mtengo wa fodya, kapena za chindapusa cha malimidwe chimene chinawawitsa mitima ya ambiri. Nkhope zinali zathu, koma mawu anali a eni makina. Bungwelo linatha m'chaka cha 1963 pamodzi ndi Chitaganya.

Atabwerera kwawo, Peet anaona zovuta. Popeza mbale wake John anathawira ku East Germany m'chaka cha 1950, akazitape a boma anamkayikira, ndipo anamanidwa ntchito yokhazikika ku BBC. Koma m'chaka cha 1969 anayambitsa kumeneko pologalamu yotchedwa Yesterday's Witness. M'menemo anthu wamba okalamba anafotokoza okha zimene anaona ndi maso awo, ndipo wojambula anangokhala chete ndi kumvera. Ntchito imeneyi ndiyo inamveketsa dzina lake. Peet anamwalira m'chaka cha 2005.

Inu amene mwaphunzira kulemba, makina a kanema mulibe, koma pensulo muli nayo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pitani kwa agogo anu a ku Mponela, ku Mvera kapena ku Malomo, muwafunse za ulendo wapansi wa ku Halale ndi za msonkho wa kale, ndipo mulembe mawu awo monga momwe awanenera, iwo asanatisiye.